More polite, politer, more courteous kapena more respectful: musankhe liti?

Usiku wina cha m'ma 11 koloko foni inalira. Anali mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Britain; kwawoko inali idakali 9. Kuntchito anamupatsa fomu yoti alembepo mmene wasinthira pa miyezi sikisi yoyamba, ndipo iye analemba kuti *I am now more politer to the residents*. Kompyuta inadula mzere kunsi kwa mawuwo.

"Amalume, ndichotse chiti apa, *more* kapena ka *r* kakumapetoka? Fomuyi akuifuna mawa m'mawa."

Ndinamuuza kuti achotse chilichonse mwa ziwirizo, chiganizo chiima. Koma nditafunsa kuti kwenikweni wasintha chiyani, anati tsopano amagogoda asanalowe m'chipinda cha gogo aliyense, amapempha kaye asanatsegule kabati ya munthu, ndipo anasiya kuwayankhira okalambawo dokotala akamafunsa iwo eni. Apo m'pamene ndinaona kuti nkhani sinali ya *more* ndi *r* yokha. Liwu la *polite* lenilenilo silinkanyamula zimene mwanayu ankafuna kunena.

Ife tili ndi liwu limodzi, ulemu, ndipo limatikwanira. Mwana wogwada popereka madzi ndi waulemu. Kalaliki wa kubanki amene amati "zikomo, khalani apa" ndi waulemu. Mkamwini wopatuka m'njira ataona apongozi ndi waulemunso. Kuyerekeza sikutivuta: timangoika "kuposa", nkhani yatha. Chingerezi chinagawa ulemu umenewu m'madengu angapo, kenako n'kuwonjezera njira ziwiri zoyerekezera. Mfotokozi wa phatikizo limodzi amalandira *er* kumapeto, monga *taller*. Wa maphatikizo atatu kapena kuposa amafuna *more* kutsogolo, monga *more beautiful*. Wa maphatikizo awiri ndiye ali m'malire mwa minda iwiri, ndipo *polite* ali pamenepo, limodzi ndi *quiet*, *simple*, *clever* ndi *common*.

Miyeso inayi

Mawu sagulidwa kumsika, komabe amalipitsa. Ndiwayeza ndi miyeso iyi. Mtengo: amavuta bwanji kutchula ndi kulemba. Kupezeka: amamveka kuti, ndipo womva awazindikira msanga kapena ayi. Kasamalidwe: timawu timene tiyenera kuyenda nawo kuti chiganizo chisagwe. Ngozi: malo amene angakuchititseni manyazi kapena kukuyambanitsani ndi munthu.

More polite

*Mtengo.* Wotsika kwambiri. Mawu onse awiri mumawadziwa kale kuchokera ku pulayimale. Chofunika ndi kutsindika phatikizo lachiwiri, "po-LAIT", osati loyamba. Ambiri a ife *l* ndi *r* timawasinthanitsa chifukwa m'Chichewa kusinthako sikuwononga tanthauzo, choncho polemba onetsetsani kuti simunalembe *porite*.

*Kupezeka.* Paliponse: London, Johannesburg, Lusaka, New York. Mtanthauziramawu wa Oxford Advanced Learner's Dictionary umapereka *politer* ndi *politest*, koma umanenanso kuti *more polite* ndi *most polite* ndi ofala. Amene ali ndi intaneti akhoza kuyesa yekha pa Google Books Ngram Viewer, chida chaulere chimene chinatuluka mu 2010 ndipo chimawerenga mawu m'mabuku osindikizidwa: mzere wa *more polite* uli pamwamba pa wa *politer* m'mabuku a masiku ano.

Malo amene mudzakumana nawo kawirikawiri ndi poyerekeza njira zopemphera. Aphunzitsi amati *could is more polite than can*, kutanthauza kuti *Could you open the window?* ndi laulemu kuposa *Can you open the window?* Chifukwa chake n'chosangalatsa kwa ife. Chichewa chimaika ulemu mwa munthu amene tikulankhula naye: "iwe" amasanduka "inu", "bwera" amasanduka "bwerani", dzina limalandira "a" kutsogolo. Chingerezi chinali ndi *thou* wa munthu mmodzi wozolowerana naye ndi *you* waulemu, koma *thou* anafa m'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku zaka mazana angapo zapitazo, n'kutsala *you* wa mfumu, wa mwana ndi wa galu yemwe. Poti khomo limenelo linatsekeka, Angerezi amaika ulemu m'kutalika ndi kuzungulira kwa pempho. *Would you mind* amaposa *could you*, ndipo *I was wondering if you could* amaposa onsewo. Mmalawi amene akumasulira "ndipatseniko" kukhala *give me* amataya "ni" ndi "ko" panjira, n'kufika kwa mzungu ali chimanjamanja.

*Kasamalidwe.* Apa m'pamene pali ntchito, ndiye tikhalepo pang'ono.

Woyerekezedwa naye amabwera pambuyo pa *than*, osati *then*. Munthu amene akulandira ulemuwo amatsogoleredwa ndi *to*: *more polite to customers*. Pofuna kukuza, nenani *much more polite* kapena *far more polite*; *very more polite* kulibe, ngakhale kuti "waulemu kwambiri kuposa" amatikokera komweko. Pofuna kuchepetsa pali *a little more polite* ndi *a bit more polite*.

Chachiwiri, siyanitsani munthu ndi kachitidwe. *Polite* amafotokoza munthu kapena chinthu. Mukamanena za mmene munthu walankhulira, pamafunika muonjezi, *politely*. Choncho ndi *speak more politely*, osati *speak more polite*. Ndipo muonjezi ameneyu alibe njira ya *er* ngakhale pang'ono.

Chachitatu ndi chimene ambiri sachidziwa. Mukamayerekeza makhalidwe awiri mwa munthu mmodzi, njira ndi imodzi yokha: *He is more polite than friendly*, kunena kuti ulemu ali nawo koma nsangala ndiye zachepa. *Politer than friendly* sizimveka kwa mwini chinenero.

*Ngozi.* Mawuwa paokha sagwetsa munthu pa mayeso. Ngozi yake ili m'tanthauzo. *Polite* anachokera ku liwu la Chilatini *politus*, chinthu chopukutidwa n'kusalala. Mpaka lero limanunkhira kusalala kwa kunja. *A polite smile* ndi kumwetulira kwa pamaso chabe. *Polite applause* ndi m'manja mwa anthu amene sanasangalale koma akuopa kuchititsa manyazi woimba. Munthu akati *I was just being polite* ndiye kuti nsima ija anaiyamikira sinamukomere. Mukalemba za mnzanu kuti *she is more polite to me these days*, wowerenga akhoza kumva kuti ubwenzi wazirala.

Ngozi ina ndi kuloza nawo munthu. *It would be more polite to knock* likuoneka ngati langizo lofatsa, koma ku Britain ndi chidzudzulo chathunthu, chofanana ndi "kwanu sanakuphunzitseni odi?" Bwana akakuuzani zimenezi, pepesani, musayankhe kuti *thank you for the idea*. Ndipo inu musamuuze bwana kapena kasitomala *please be more polite*, pokhapokha ngati mwakonzeka kuti nkhani ikule.

Politer

*Mtengo.* Polemba ndi wotsika kuposa onse, chilembo chimodzi chokha. Pakamwa ndiye amadula. Angerezi ambiri a ku England satchula *r* wakumapeto, amati "polaita". Aamerika amafewetsa *t* mpaka kumveka ngati *d*. Ife tili ndi chizolowezi choika lembo la liwu kumapeto kwa mawu achingerezi, moti *polite* wathu amatuluka "polaiti". Ndiye pakati pa "polaiti" ndi "polaita" pafoni yodukaduka, womva sadziwa ngati mwayerekeza kapena ayi.

*Kupezeka.* Ndi liwu lenileni, lolondola. Oxford ndi Merriam-Webster onse ali nalo. Koma limapezeka kwambiri m'zolemba za anthu okonda kusema ziganizo, m'nyuzipepala ndi m'mabuku a nthano, kusiyana ndi m'makalata a kuofesi. Mchimwene wake *politest* ndiye amamvekako bwino pakamwa: *the politest child in the class* palibe amene angadabwe nazo.

*Kasamalidwe.* Lamulo ndi limodzi: asakumane ndi *more*. Kale zinkatheka. Shakespeare, m'sewero la Julius Caesar la cha m'ma 1599, analemba *most unkindest*, ndipo panthawiyo sichinali cholakwa. Olemba malamulo a chinenero a m'zaka za m'ma 1700 ndi amene anatseka njirayi. Mmodzi mwa iwo ndi Robert Lowth, amene buku lake la galamala linatuluka mu 1762 ndipo pambuyo pake anakhala bishopu wa London. Kuyambira pamenepo *more politer* ndi *more better* zinasanduka chizindikiro cha munthu wosadziwa galamala. Ife timagwamo chifukwa kwathu kubwereza ndi kutsindika: "wamkulukulu", "pang'onopang'ono". M'Chingerezi cha mayeso kubwereza kumeneko ndi cholembera chofiira.

*Ngozi.* Mukhoza kukhala olondola koma n'kuluza. Ndinaonapo mphunzitsi wina atathetha *politer* m'chimangirizo cha mwana wa Fomu 3, n'kulemba pambali kuti liwulo kulibe. Mwanayo anabwera ndi mtanthauziramawu tsiku lotsatira, ndipo malikisi anabwezedwa, koma nkhope ya aphunzitsiwo inanena kuti teremu imeneyo ikhala yaitali. Pa mayeso a MANEB simudzakhalapo kuti mutsegulire wochonga tsamba la Oxford. Poti satifiketi ya MSCE siituluka munthu akalephera Chingerezi, sindiona chifukwa chochitira juga ndi chilembo chimodzi.

More courteous

*Mtengo.* Wokwera. Kalembedwe kake kali ndi misampha iwiri, *our* koyambirira ndi *eous* kumapeto. Katchulidwe kofala kamayamba ngati "ke" wotalika, mofanana ndi *curtain*, ngakhale kuti maso akuona *court*. Yesezani kaye musanakalitulutse pa intavyu.

*Kupezeka.* M'malo a mataye: zotsatsa ntchito, malamulo a makampani, makalata oikira munthu umboni, mahotela ndi makampani a ndege. Tinalizolowera kudzera mwa mbale wake *courtesy*: nyuzipepala zathu zikamati kazembe wachita *courtesy call* kwa mtsogoleri wa dziko, ndiye kuti wapita kukaonekera, osati kukakambirana zolemera. Gwero lake ndi Chifalansa chakale, ndipo limanena za khalidwe loyenera pabwalo la mfumu. Pocheza ndi anzanu pa WhatsApp likhoza kumveka ngati mwavala suti popita kudimba.

*Kasamalidwe.* Wosavuta, chifukwa njira ndi imodzi: *more courteous*, *most courteous*. Palibe *er* woti akusokonezeni. Limatsatiridwa ndi *to* kapena *towards*. Muonjezi wake ndi *more courteously*.

*Ngozi.* Zochepa. Liwuli lilibe fungo lija la ulemu wa pamaso; munthu *courteous* amaganizira ena, monga woyendetsa galimoto amene amaima kuti agogo awoloke. Chimene mungachite molakwa ndi kuika dzina pamalo a mfotokozi, *he is more courtesy*, cholakwa chimene ndachiona m'makalata ambiri ofunsira ntchito. Palinso *curtsy*, kunyonyomala kwa amayi pamaso pa mfumu ya ku Britain, limene limamveka pafupi kwambiri koma ndi liwu lina.

More respectful

*Mtengo.* Wapakati. Zilembo *s*, *p*, *c*, *t*, *f* zathithikana, ndipo lilime lathu limafuna kuikamo "i" pakati. Polemba, *l* ndi mmodzi mu *respectful* koma awiri mu *respectfully*.

*Kupezeka.* Paliponse, pakamwa ndi papepala. M'ntchito zosamalira odwala ndi okalamba ku Britain, *dignity* ndi *respect* ndi mawu a tsiku lililonse, amene wogwira ntchito amawamva kuyambira pa maphunziro oyambirira. M'masukulu, m'matchalitchi ndi m'makhoti ndi chimodzimodzi.

Kwa ine ili ndiye liwu loyandikira kwambiri ulemu wathu. *Polite* amayang'ana mawu ndi kachitidwe. *Respectful* amayang'ana mmene ukumuonera munthuyo, msinkhu wake, udindo wake, malire ake. Munthu akhoza kunena *please* ndi *thank you* m'chiganizo chilichonse koma akuwerenga makalata a gogo popanda chilolezo. Ameneyo ndi *polite*, koma si *respectful*. N'chifukwa chake mwana wa mlongo wanga uja pomaliza analemba kuti *I am now more respectful of the residents' privacy*, n'kuwonjezera za kugogoda zija.

*Kasamalidwe.* Aperekezi ake ndi angapo. Kwa munthu, *to* kapena *towards*: *more respectful towards elders*. Kwa chinthu monga mwambo, chinsinsi kapena maganizo a ena, *of*: *more respectful of local customs*. Apanso *er* kulibe.

*Ngozi.* Lili ndi abale awiri ofanana nalo nkhope. *Respectable* ndi wolemekezeka, amene anthu amamupatsa ulemu. *Respective* alibe nazo ntchito za ulemu n'komwe. Amanena za aliyense ndi chake, monga *they went to their respective homes*. Mukalemba kuti wantchito wanu wakale ndi *more respectable than the others* mwanyoza enawo popanda kunena chilichonse za khalidwe lake.

Chinanso, ulemu wathu ndi wawo sizigwirizana nthawi zonse. Kuyang'ana pansi polankhula ndi wamkulu ndi ulemu kwa ife. Bwana wa ku Manchester akhoza kuganiza kuti mukubisa kanthu. Kuitana munthu wamkulu ndi dzina lake loyamba kumatiwawa pakamwa, koma m'maofesi ambiri kumeneko ndiye chizolowezi, ndipo *sir* wobwerezedwa kasanu amayamba kuwasowetsa mtendere. Samalaninso ndi *with all due respect*. Ife timaliyesa chipewa chovulira akuluakulu, koma Mngerezi akalimva amadziwa kuti kutsutsa kukubwera.

Timawu tapafupi: nicer, kinder, better-mannered

*Mtengo* ndi wochepa, ndipo *kupezeka* kwake ndi pakhomo ndi pocheza. Mayi wa ku Johannesburg amene mumamugwirira ntchito sadzauza mwana wake *be more courteous*. Adzati *be nicer to your sister*. *Kinder* amalowa mumtima, ndi kukoma mtima osati ulemu chabe. *Better-mannered* amayenera ana ndi patebulo. *Kasamalidwe* kake: *nicer* ndi *kinder* safuna *more*, ndipo *well-mannered* akayerekezedwa nthawi zambiri amasanduka *better-mannered*. *Ngozi* yake ndi yoti *nice* ndi liwu lopepuka moti pa kalata ya ntchito silinena kanthu. Pa mayeso a IELTS, oyesa Chingerezi cha ofuna kukaphunzira kapena kukagwira ntchito kunja, kumene kuchuluka kwa mawu amene mukudziwa kumachongedwa pakokha, *nice* wobwerezedwa sakukwezani.

Pali lina loti mungolidziwa, *civil*. Uwu ndi ulemu wa pakhosi, wa anthu amene anakangana koma akupatsana moni pamaliro. Wina akakupemphani kuti mukhale *more civil*, zinthu zafika poipa kale.

Ndisanatseke, *kindly*. M'maofesi athu timamukonda kwambiri, *kindly find attached*, *kindly assist*, poganiza kuti amaposa *please*. Kuno, ku Zambia ngakhalenso ku India zimamveka bwinobwino. Ku Britain *kindly close the door* amamveka ngati mawu a munthu amene watopa nanu. Mukamalembera kumeneko, *please* kapena *could you* ndiye otetezeka.

Ndani atenge liti

Wolemba mayeso a JCE, MSCE kapena IELTS atenge *more polite*, ndipo ayang'ane kawiri kuti kumapeto kulibe *r*. Ngati chiganizo chikunena za kulankhula kapena kupempha, chikhale *more politely*.

Mphunzitsi kapena kholo lofotokozera mwana kusiyana kwa *can* ndi *could*: *more polite* yemweyo, chifukwa nkhani yake ndi ya mawu.

Wolemba kalata yoikira umboni mlonda, dalaivala kapena wolandira alendo atenge *courteous*. Kumbukiraninso kuti kalata yotere siifuna kuyerekeza. *She is courteous* imalemera kuposa *she is more courteous than her colleagues*, imene imasiya funso la anzakewo.

Wosamalira odwala, namwino, kapena aliyense amene akunena za akuluakulu, miyambo, chipembedzo ndi zinsinsi za anthu atenge *more respectful*, asamale *of* ndi *towards*.

Wodandaula za kalaliki wamwano asalembe kuti *he should be more polite*. Alembe zimene zinachitika, tsiku ndi nthawi, kenako apemphe *a more courteous service*. Kalata yotero imafika patali kuposa yaukali.

Wolemba nkhani, ndakatulo kapena zoseketsa, amene akufuna chiganizo chachifupi ndipo owerenga ake ndi odziwa chinenero, *politer* ndi wake, makamaka pafupi ndi mawu ena a *er*, monga *quieter and politer*.

Wocheza ndi ana a abwana, anzake a kuntchito kapena a pa Facebook, *nicer* akwanira.